Momwe mungapezere chomwe chatha kapena kuwonongeka pa pistol ya mpikisano

Pistol ya mpikisano ikayamba kumwaza zipolopolo pa chandamale, kapena kutafuna makoko a zipolopolo, mwini wake amathamangira kunena kuti mpope watha. Nthawi zambiri amakhala akuunamizira mpopewo. Chipolopolo cha .22 LR, chomwe chimagwiritsidwa ntchito pa mipikisano ya mamita 25, mutu wake ndi wa mtovu wofewa wopakidwa phula, ndipo mtovu superepesa chitsulo msanga. Mpope wosamalidwa bwino umatha kukalamba limodzi ndi mwini wake. N'chifukwa chake mfuti ngati Smith & Wesson Model 41, yomwe inatuluka mu 1957, kapena Walther GSP ya mu 1968, zikuonekabe m'manja mwa opikisana mpaka lero. Zomwe zimatha msanga ndi tinthu ting'onoting'ono totsika mtengo: sipuling'i, milomo ya magazini (kabokosi koikamo zipolopolo), kambedza kokokera khoko, sikuluwu yomwe yakhwefuka.

Choncho kafufuzidwe kabwino kamayambira kunja kupita m'kati, kuchoka pa chotchipa kupita pa chodula, ndipo mumasintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Ndondomeko ili m'munsiyi ndi ya pistol ya .22 LR yodzilowetsera yokha chipolopolo china ikawomba, monga Pardini SP ya ku Italy, Hämmerli 208 ndi zinzake zija ndatchula. Cholinga chake ndi kupeza nthenda basi. Kuchiza kwina mungathe nokha, koma kwambiri ndi kwa mmisiri wa mfuti.

Gawo 1: Onetsetsani kuti mfuti ilibe kanthu

Lozetsani mfuti kumalo kopanda munthu. Chotsani magazini kaye, kenako kokerani slide m'mbuyo n'kuitsekera komweko. Slide ndi chitsulo chija chimathamangira m'mbuyo mfuti ikalira n'kubweranso kudzakankha chipolopolo china. Suzumirani mu chamber, kachipinda ka kumayambiriro kwa mpope komwe chipolopolo chimakhala chisanaphulike. Mukatero pisanimo kachingwe kowala kaja malamulo a ISSF, bungwe loyendetsa mipikisano yowombera padziko lonse, amalamula kuti kazikhala m'mfuti yomwe sikugwira ntchito. Dongosolo lake lisasinthe: magazini kaye, slide pambuyo. Mukayamba ndi slide magazini ili momwemo, mwalowetsa chipolopolo china osadziwa.

Zipolopolo zamoyo zisakhale m'chipinda chomwe mukugwirira ntchito. Patebulo yalani nsalu yoyera, kuti kachidutswa ka chitsulo kakagwa mukaone. Mufunika tochi yowala bwino, galasi lokulitsa zinthu pafupifupi ka 10, thonje la pakamtengo, tinsalu totsukira mpope, ndodo yake, ndi buku lomwe linabwera ndi mfutiyo. Mukamaliza sambani m'manja ndi sopo musanagwire chakudya, chifukwa fumbi lakuda lija muli mtovu.

Gawo 2: Musatsuke kaye, yambani mwafunsa

Apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa. Mfuti ikavuta timathamangira burashi ndi mafuta, n'kufufuta umboni wonse. Litsiro limalankhula. Pomwe mwaye waunjikana mbali imodzi yokha, pomwe pali fumbi lonyezimira la mkuwa kapena la chitsulo, pomwe chitsulo chayera ngati chasululidwa, ndi pamenepo pali nkhani. Jambulani ndi foni musanapukute.

Ndiye khalani pansi mudzifunse monga amachitira dokotala asanalembe mankhwala. Vutoli linayamba tsiku limodzi kapena lakhala likukula pang'onopang'ono? Loyamba mwadzidzidzi nthawi zambiri ndi chinthu chothyoka, chokhwefuka, kapena chomwe mwasintha nokha. Lokula mwakachetechete ndi litsiro kapena sipuling'i yotopa. Kodi mwatsegula bokosi latsopano la zipolopolo? Ngakhale dzina likhale lomwelo, kaya Eley, Lapua kapena SK, gulu lililonse lopangidwa limasiyanako ndi linzake, ndipo nambala ya gululo imalembedwa pabokosi. Kodi vuto limabwera pa chipolopolo choyamba, chapakati, kapena chomaliza m'magazini? Limabwera m'mawa kukuzizira, n'kutha dzuwa likakwera? Ngati ndi choncho, ganizirani phula la pazipolopolo ndi girisi, zomwe zimalimba kukazizira.

Amene amasunga kabuku kolembamo kuchuluka kwa zipolopolo zomwe wawomba, ndi tsiku lomwe anasintha sipuling'i iliyonse, gawo ili amalimaliza m'mphindi zisanu. Amene alibe kabuku ayambe lero.

Gawo 3: Werengani makoko

Ngati pali gawo loti mulidekhere ndi ili. Khoko lililonse lomwe mfuti yalavula limatuluka ndi zidindo za zitsulo zonse zomwe lakhudzana nazo. Kumalo owombera yalani nsalu kumbali komwe makoko amagwera, muwombe zipolopolo 20 kapena 30 za gulu limodzi, mutole makoko anu okha. Kunyumba muwandandalike pansalu yoyera, matako m'mwamba.

Yambani ndi chidindo cha firing pin, kachitsulo komenya chipolopolo kuti chiphulike. Pa .22 LR mankhwala oyatsira onga sali pakati pa thako, ali m'mphepete mwake mozungulira, ndipo amayaka mphepeteyo ikaphwanyidwa pakati pa firing pin ndi mlomo wa chamber. Chidindo chabwino chimakhala chakuya, cha m'mbali zakuthwa, pamphepete penipeni, ndipo chimafanana pa makoko onse. Ngati zidindo zonse n'zosaya, firing pin yafupika, yabenthuka nsonga, kapena sipuling'i yomenyetsa yatopa. Koma ngati zina n'zakuya zina n'zosaya, musagule kanthu kaye. Kusiyanasiyana kotere kumachokera ku litsiro. Mwina phula ndi mwaye zaundana mu chamber moti chipolopolo sichikulowa mpaka kumapeto, ndiye firing pin ikamenya, mphamvu ina imathera pochikankhira m'kati m'malo mophwanya mphepete. Mwinanso ngalande yomwe firing pin imayendamo yadzaza mafuta ouma. Ngalande imeneyi imafuna kukhala youma ndi yoyera, ndipo okonda kuthira mafuta paliponse ndi amene amavutika nayo.

Chipolopolo chikakana kulira, musatsegule msanga. Mfuti ikhalebe italoza ku chandamale kwa theka la mphindi kapena kuposerapo, chifukwa china chimachedwa kuyaka. Kenako chitulutseni muone chidindo. Chikakhala chakuya ngati cha makoko ena, mlandu ndi wa chipolopolo: pamalo pomwe chamenyedwa panalibe mankhwala. Chikakhala chosaya, mlandu ndi wa mfuti.

Tsopano gonekani makoko muone m'mbali mwake. Fufuzani mzere wokandika womwe ukuchokera ku thako kupita kukamwa, mbali yomweyo yomwe kuli chidindo cha firing pin. Mzerewu ukamaoneka pa khoko lililonse, mlomo wa chamber unaphwanyika. Izi zimachitika munthu akamakoka trigger, kachitsulo kokokedwa ndi chala powomba, mfuti ilibe kanthu: firing pin, posowa mkuwa wofewa woti imenye, imakamenya chitsulo cha mpope n'kutukula kachibenthu kolowera m'kati. Mfuti zina zinapangidwa moti firing pin siifika pampope, zina zili ndi njira yakeyake yoyeserera kuwomba popanda chipolopolo, koma ngati buku lanu silinanene choncho, muziikamo kapulasitiki koteteza nthawi zonse mukamayeserera. Kachibenthu kameneka ndiko kamagwira khoko kuti lisatuluke. Musakapale ndi fayilo. Chitsulo chomwe chatukukacho chimafunika kubwezeredwa pamalo pake, ndipo amisiri ali ndi chida chochitira zimenezo. Mukachipala chapita, ndipo pansi pa mphepete ya chipolopolo patsala dzenje pomwe pamayenera kukhala polimba.

Khoko lofufuma pafupi ndi thako, kapena long'ambika pamenepo, ndi chizindikiro choti musiye kuwomba nthawi yomweyo. Limatanthauza kuti mfuti yalira slide isanatsekeke bwino, mbali ina ya khoko ili pamtunda popanda chitsulo choitchinjiriza. Tsiku lina khokolo lidzaphulika n'kukuwazani mkuwa kumaso. Khoko lakuda ndi mwaye m'mbali monse limasonyeza kuti silinafufume mokwanira kuti litseke chamber, kaya chifukwa chipolopolo n'chofooka kapena chamber yakula.

Chomaliza, onani kachizindikiro ka extractor, kambedza kaja kamakola mphepete ya khoko. Kazikhala kakang'ono, kofanana paliponse. Ndipo kumbukirani komwe makoko amagwera pansalu paja. Mfuti yathanzi imawaponya pafupifupi malo amodzi. Ena akamagwera patali, ena pamapazi panu, ena n'kupanikizika pakhomo potulukira, ndiye kuti extractor yabuntha, sipuling'i yake yafooka, kapena pansi pake padzaza phala lakuda lomwe likuilepheretsa kutseka.

Gawo 4: Magazini

Lembani nambala pansi pa magazini iliyonse, 1, 2, 3. Muwombe ndi iliyonse payokha n'kulemba yomwe yavuta. Vuto likamatsatira magazini imodzi, mwapeza wakuba ndipo mfuti ilibe mlandu. Anthu ambiri amadabwa kuona kuti kafukufuku wawo wathera pompa.

Ikani magazini yovutayo pambali pa yabwino muyerekeze milomo yake, tizitsulo tiwiri tapamwamba tomwe timagwira chipolopolo. Magazini ikagwa pasimenti milomo imapindika pang'ono pokha, koma zimakwanira kuti chipolopolo chizidzuka mopitirira kapena kugonera pansi. Fufuzani ming'alu kumbuyo kwa milomo. Kankhirani pansi kachikwezera ka m'kati, mukasiye kakwere: kazikwera mosakakamira. Phula la pazipolopolo limaunjikana m'katimo ndipo limakola fumbi. Njira inanso ndi iyi: kumalo owombera, lolani slide ilowetse chipolopolo, ndiye muchitulutse osawomba, muone mutu wake. Ukakhala wosengeka kapena wophwanyika mbali imodzi, chipolopolocho chikugunda mlomo wa chamber polowa, ndipo chipolopolo chovulala chotero sichingapite pomwe mwaloza.

Gawo 5: Chamber ndi mpope

Tsopano mutha kumasula mfuti motsatira buku lake, ndi kutsuka. Ndodo izilowera ku chamber kupita kukamwa, osati kuyambira kukamwa.

Mu chamber, pomwe pamathera khoko, pamamera mkombero wolimba wa mwaye, phula ndi mtovu. Kansalu sikauchotsa, kamangoupukuta n'kuwala. Umafunika mankhwala osungunulira, kuusiya unyowe kwa kanthawi, kenako burashi ya mkuwa yopotokoza ndi dzanja mu chamber mokhamo. Pofuna kudziwa ngati wachoka, gwirani mpope wochotsedwa pamfuti, kamwa pansi, mugwetseremo chipolopolo chabodza choyesera chomwe chili ndi muyeso weniweni. Chizilowa chokha mpaka mphepete itakhala pansi, kapena chingofuna kukankhidwa pang'ono ndi chala, chifukwa chamber ya mfuti za mpikisano ina imakhala yothina dala. Chikaima panjira, mkombero ukadalipo kapena pali kachibenthu kaja.

Mpope ukayera, kankhanimo kansalu kothina, kopaka mafuta pang'ono, mwapang'onopang'ono, maganizo onse ali padzanja. Kulimba kwake kuzikhala kofanana kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Mukamva kuti penapake kansalu kapepuka mwadzidzidzi kenako kalimbanso, mpope unatupa pamenepo. Mukaunika ndi tochi mudzaona mkombero wakuda ngati mphete. Choyambitsa chake n'chodziwika: chipolopolo chopanda onga wokwanira chinatsakamira m'njira, china n'kudzachiwomba kumbuyo. Pa mpikisano wowomba mofulumira, pomwe zipolopolo 5 zimatuluka m'masekondi 8, 6 kapena 4, munthu samva n'komwe kuti china chalira mofooka. Mpope wotupa pakati nthawi zina umawombabe bwino ndithu, koma wotupa pafupi ndi kamwa ndiye watha ntchito. Oti agamule ndi mmisiri.

Poyang'ana ndi tochi, mizere yopota ya m'kati izioneka yakuthwa m'mbali. Zotuwa zomatirira ndi mtovu, ndipo zimachoka. Timaenje takuda ndi dzimbiri, ndipo sitichoka. Dzimbiri limakonda mfuti yosungidwa m'bokosi la siponji nyengo yachinyezi, chifukwa siponji imasunga madzi. Kutsogolo pang'ono kwa chamber, chakumunsi, mfuti yomwe yawomba kwa zaka zambiri imakhala ndi pamalo pokhakhala, pomwe zotsalira za mankhwala oyatsira zimagwera n'kumapalidwa ndi chipolopolo chotsatira. Kumeneko ndiye kutha kwenikweni kwa mpope wa .22, ndipo kumabwera mochedwa kwambiri. Wokhala ndi kakamera kolowetsa mumpope achenjere: kamakulitsa chilichonse, moti kachikanda kopanda vuto kamaoneka ngati chigwembe. Mpope umaweruzidwa ndi chandamale, osati ndi chithunzi.

Malizani ndi crown, mphepete ya kamwa la mpope pomwe chipolopolo chimatsanzikana ndi chitsulo. Pakabenthuka mbali imodzi, mpweya umathawira kumeneko n'kukankha thako la chipolopolo. Yendetsani thonje mozungulira kamwa: likakodwa n'kusiya ulusi, pali chibenthu. Chithunzi chija munajambula musanatsuke chikuthandizaninso apa. Mwaye ndi phula zimajambula kanyenyezi pakamwa pa mpope, ndipo nthambi zake zizikhala zofanana mbali zonse. Nyenyezi yopendekera mbali imodzi ikuloza ku crown yovulala. Mwa zowononga crown, yoyamba ndi ndodo yotsukira yolowetsedwa kukamwa.

Gawo 6: Slide, masipuling'i ndi ming'alu

Pistol izi zilibe loko wotsekera slide. Chomwe chimagwira khoko mu chamber panthawi yophulika ndi kulemera kwa slide ndi mphamvu ya masipuling'i basi. Ndiye sipuling'i yobwezera slide ikatopa, slide imathamanga mopitirira n'kukagunda thupi la mfuti mwamphamvu, kamodzi pa chipolopolo chilichonse. Mfuti imaoneka ngati ikugwira bwino, makoko akuuluka patali, pomwe m'kati ikudzimenya yokha.

Njira yosavuta ndi kusunga sipuling'i yatsopano yoyerekezera. Igonekeni pambali pa yakale. Yakale ikafupika mooneka, ikapindika, kapena ikakhala ndi pena poyera popalika, isintheni. Ndi yotchipa poyerekeza ndi chomwe imateteza. Mfuti zina, monga Pardini, zili ndi buffer, kapulasitiki kapena karabala kolandira slide kumbuyo. Kakaphwatalala, kakang'aluka kapena kuyamba kunyenyeka, kasintheni. Tizidutswa take mukatipeza m'kati mwa mfuti, kanatha kalekale.

Pano ndinenepo za zipolopolo. Mfuti za mpikisano zinapangidwira zipolopolo za liwiro wamba, zomwe pabokosi amalemba pafupifupi mamita 330 pa sekondi. Zothamanga kwambiri, za mamita 380 kapena kuposa, ndi zosakira nyama zing'onozing'ono ndi mfuti zazitali. Zimapezeka mosavuta ndipo nthawi zina n'zotchipa, koma mu pistol yakale ya mpikisano ndi zomwe zimabweretsa ming'alu. Walira mvula walira matope.

Ming'alu imayambira pomwe chitsulo chapyapyala kapena pomwe pali ngodya yakuthwa: m'makona a khomo lotulukira makoko, m'mbali mwa mabowo a mapini, pomwe slide imagunda kumbuyo, ndi pathupi la mfuti mozungulira polowera magazini. Tsukani malowa ndi mankhwala ochotsa mafuta, muumitse, muunike ndi tochi kuchokera chammbali, osati kuchokera pamwamba, kuti mng'alu uchite mthunzi. Kusiyanitsa mng'alu ndi chikanda n'kovuta, koma chikanda chimakonda kuwongoka pomwe mng'alu umayenda mokhotakhota kuchokera pakona. Dontho la mafuta opepuka limathandiza: thirani, pukutani bwino, dikirani. Mng'alu umalavulanso mafuta n'kujambula kamzere konyowa. Mukakayikira, amisiri ali ndi utoto wapadera wolowerera m'ming'alu. Mfuti yong'aluka siwombedwanso, ngakhale kamodzi koyesera.

Onaninso nkhope ya slide, pomwe thako la chipolopolo limatsamira, ndi nkhope ya mpope yomwe imakumana nayo. Phala louma pamenepa limalepheretsa slide kutsekeka, ndipo ndilo gwero la makoko ofufuma aja. Lichotseni ndi kamtengo kapena kapulasitiki, osati singano. Kankhani firing pin ndi chala kuchokera kumbuyo: iziyenda momasuka n'kubwerera yokha. Kolekani khoko lopanda kanthu pansi pa extractor, slide ili m'manja: likagwa lokha musanagwedeze n'komwe, kambedzako katha. Ejector, kachitsulo komwe khoko limagunda kuti litembenukire kunja, isagwedere ndipo isapindike.

Kuyera kwa chitsulo m'njanji momwe slide imayenda si vuto pakokha. Vuto ndi kuyera kwa mbali imodzi yokha, mikwingwirima yakuya, kapena m'mphepete mwa chitsulo mwafutukuka ngati mutu wa chizulo chomenyedwa kwa zaka.

Gawo 7: Trigger

Malamulo a ISSF amati trigger ya pistol ya mamita 25 isalire ndi mphamvu yochepera magalamu 1000. Ya mfuti ya mpweya ya mamita 10 ndi magalamu 500. Poyesa, mfuti yopanda chipolopolo imaimikidwa mpope utaloza kumwamba, mwala woyezera n'kukolekedwa pa trigger, ndipo mfutiyo iyenera kunyamula mwalawo osalira. Yesani chimodzimodzi kunyumba, muli mutaika kapulasitiki koteteza chamber, kangapo konse, n'kulemba. Trigger yomwe mwezi watha imanyamula mwala bwinobwino koma lero ikulira, kapena yomwe ikunyamula kawiri n'kulephera kachitatu, ikukuuzani kuti sikuluwu yosinthira yayenda yokha kapena sear yayamba kutha. Sear ndi kachitsulo kogwira hamala yomenya firing pin mpaka mutakoka trigger. Woyika trigger yake pa magalamu 1000 enieni amasewera paulimbo, chifukwa oyang'anira mpikisano amatha kuyezanso mfuti masewera atatha, ndipo yolephera mwini wake amachotsedwa. Siyani mpata wa magalamu makumi angapo.

Kokani pang'onopang'ono maso mutatseka. Mukamva ngati muli mchenga, yambani mwatsuka. Mukamva kukwawa komwe kunalibe kale, kapena polira pakusinthasintha, ndi za mmisiri. Pa mfuti za trigger yamagetsi, sinthani batire musanaganize china chilichonse.

Zizindikiro ziwiri izi sizifuna kukambirana. Mfuti ikalira kawiri mutakoka kamodzi, kapena hamala ikamagwa yokha slide ikamatsekeka, tulutsani zipolopolo, ikani kachingwe kaja, mupite nayo kwa mmisiri. Musayese kunola sear ndi mwala. Pa zitsulo zambiri zotere kulimba kuli pakhungu lokha, ndipo mukalipala mwafika pofewa pomwe padzatha m'masabata ochepa.

Gawo 8: Zokhwefuka

Ili ndi lalifupi, koma lachititsa manyazi anthu ambiri omwe anali atayitanitsa kale mpope watsopano. Gwirani cholozera chakutsogolo ndi zala muyese kuchigwedeza. Chakumbuyo chikanikizeni pang'ono muone ngati chikubwerera pamalo pake. Potokozani sikuluwu yake makiliki 10 kupita, 10 kubwerera: aliyense azimveka, ndipo muzifika pomwe munayambira. Onani masikuluwu omangira mpope ndi zitsulo zolemeretsa kutsogolo, muwamange ndi mphamvu yomwe buku lanena. Chogwirira chamtengo chimafufuma nyengo yamvula n'kunyala nyengo yotentha, ndiye sikuluwu yomwe inali yolimba mu February imatha kukhala ikugwedera pofika October.

Gawo 9: Bwererani ku chandamale

Mfuti yotsukidwa kumene siyeruzidwa ndi zipolopolo zoyamba. Wombani 10 kapena 20 kuti mpope uvalenso phula lake. Mukatero chotsani dzanja lanu pa mlandu: tsamiritsani mfuti pathumba la mchenga mutakhala pansi, kapena imangeni pa makina ogwirira mfuti monga Ransom Rest ngati kalabu yanu ili nawo. Wombani magulu a zipolopolo 10, osachepera atatu, ndi zipolopolo za nambala imodzi ya pabokosi ndi magazini imodzi yomwe mukuikhulupirira. Gulu la zitatu silinena kanthu, mwayi wokha umatha kulipanga kukhala lokongola.

Pa chandamale cha mamita 25 chowombera modekha, bwalo la 10 ndi lotambalala mamilimita 50, ndipo kabwalo ka m'kati mwake ndi mamilimita 25. Pistol yabwino ya mpikisano, ndi zipolopolo zomwe imagwirizana nazo, iyenera kusunga gulu lonse m'kati mwa bwalo la 10 mosavutikira. Ikatero, mfuti ilibe nthenda ndipo zomwaza zija zikuchokera kwa wowomba. N'zowawa kumva, koma n'zotchipa kuchiza.

Ikalephera, maonekedwe a gulu akuuzani kolowera. Gulu lotalika kuchokera pamwamba kupita pansi limaloza ku liwiro losiyanasiyana, kutanthauza zipolopolo zosafanana kapena firing pin yomenya mosiyanasiyana. Magulu awiri osiyana pa chandamale chimodzi, kapena gulu losamukasamuka, ndi chinthu chogwedera, bwererani ku gawo 8. Mabowo ooneka ngati dzira m'malo mozungulira amatanthauza kuti chipolopolo chikufika chopendekeka: mtovu wadzaza m'mizere, crown yavulala, kapena mpope unatupa. Chipolopolo choyamba chokha chikamathawa pagulu nthawi zonse, onani momwe mumatsekera slide ndi dzanja poyerekeza ndi momwe imadzitsekera yokha. Gulu lomwazika mbali zonse liyeseni ndi zipolopolo za mtundu wina kawiri kapena katatu musanatchule mpope.

Mukasintha kanthu, sinthani kamodzi n'kuyesanso. Mukasintha sipuling'i, extractor ndi zipolopolo tsiku limodzi vuto n'kutha, simudzadziwa chomwe chinali chovuta, ndipo likadzabweranso mudzayambira pachiyambi. Ndipo musayese chitsulo chatsopano pa tsiku la mpikisano. Pa mpikisano wa zipolopolo 60 wogawidwa magawo awiri, malamulo a ISSF amangokulolani kudandaula za kufa kwa mfuti kamodzi pa gawo lililonse la zipolopolo 30. Kachiwiri mapointi apita.

Gawo 10: Zopita nazo kwa mmisiri

Kutsuka, kumanga masikuluwu, kusintha magazini, buffer ndi sipuling'i yobwezera slide, zimenezo ndi zanu. Mng'alu, mpope wotupa, crown yobenthuka, mlomo wa chamber wophwanyika, makoko ofufuma omwe sakutha mutatsuka, ndi chilichonse chokhudza sear, ndi za mmisiri wovomerezeka ndi malamulo a dziko lomwe mukukhala. Ponyamula mfuti tsatirani zomwe chiphaso chanu chimalamula.

Musapite chimanjamanja n'kungoti ikuvuta. Tengani makoko aja m'kathumba, olakwika padera abwino padera. Tengani zandamale zomwe munayesera, mutalembapo tsiku, mtunda ndi nambala ya gulu la zipolopolo. Tengani magazini onse ndi manambala awo, bokosi limodzi la zipolopolo zomwe mumagwiritsa ntchito, zithunzi za mfuti isanatsukidwe, ndi kabuku kanu. Akasintha chitsulo, pemphani chakalecho akubwezereni, muchiike m'kathumba n'kulembapo tsiku ndi kuchuluka kwa zipolopolo zomwe chinawomba.